Za Ziweto Zathu: Masese a Nkhumba Acokera kwa Munthu

M'midzi yambiri ya ku cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kumwera nkhumba ndiyo nkhokwe ya ndalama ya banja. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, pakagwa maliro, kapena nyengo yogula feteleza ikafika, maso onse amatembenukira kwa nkhumba. Koma yense amene anagulitsapo ciweto cimeneci adziwa mwambo wa ogula. Asanachule mtengo amayamba kaye aigwetsa pansi, naipingasa kamtengo m'kamwa, nasolola lilime kuti aone kunsi kwake. Akapezapo timatuza toyera tonga njere za mpunga, malonda aonongeka. Wina amangocokapo, wina amadula mtengo pakati, ndipo mwini wake amatsala manja ali m'khosi, kudandaula kuti nkhumba yake ili ndi masese.

Dzina limeneli lasokeretsa anthu ambiri. Popeza timatuzato tifanana ndi masese a mowa, ena amakhulupirira kuti nkhumba imadwala kamba kodya zotsala pofulula, ndipo ena amaloza cala gaga. Zonsezi si zoona. Nkhumba ikhoza kudya gaga ndi masese a mowa moyo wake wonse osatuluka kathuza ngakhale kamodzi. Kwa zaka zoposa 20 madokotala a ziweto a pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Belgium ndi maiko ena, akhala akufufuza za matendawa m'maboma a Katete, Sinda ndi Petauke, ndipo zimene apeza zikhudza banja lililonse, loweta nkhumba ndi losaweta lomwe. Mwacidule, masese a nkhumba amacokera m'mimba mwa munthu, ndipo ulendo wao ukhoza kukathera mu ubongo wa munthu wina. Nkhani yathu mwezi uno ndi imeneyi.

Ulendo wa njoka

Masese ndi ana a njoka ya m'mimba imene akatswiri amaicha Taenia solium. Njoka yaikuluyo imakhala m'matumbo a munthu. Palibe ciweto cimene cimaisunga ikakula. Nyumba yake ndi munthu yekha. Ndi yoyera, yaphanthiphanthi ngati lamba, ndipo imatalika mamita 2 mpaka 4, nthawi zina kupitirira apo. Mutu wake ndi waung'ono ngati njere ya mawere, koma uli ndi timbedza togwirira ku matumbo. Thupi lake ndi la mfundomfundo. Mfundo za kumcira zikakhwima zimaduka ndi kutuluka pamodzi ndi zonyansa pamene munthu adzithandiza. Mfundo imodzi ikhoza kunyamula mazira okwana 50,000, osaoneka ndi maso, amene amakhala amoyo m'dothi lacinyontho kwa masabata kapena miyezi. Codabwitsa n'cakuti munthu wosunga njokayi kawirikawiri samva kudwala kwenikweni, motero amatha kukhala nayo nthawi yaitali, akumwaza mazira osadziwa kanthu.

Tsono munthu wotere akadzithandiza kuthengo kapena kuseri kwa nyumba, nkhumba yoyenda momasuka sicedwa kufikapo, pakuti tonse tidziwa cimene nkhumba imatsata m'mawa. Mazira aja akafika m'mimba mwake amaswa, ndipo tiana ta njoka timaboola matumbo, kulowa m'magazi ndi kukakhazikika m'minofu: m'lilime, m'masaya, mumtima, m'mapewa ndi m'nchafu. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu kamwana kalikonse kamasanduka kathuza ka madzi kokhala ndi kadontho koyera m'kati. Kadonthoko ndiwo mutu wa njoka yatsopano, wongoyembekeza. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, kathuzako kamasungunuka m'mimba, mutu uja nugwira matumbo, ndipo pakatha miyezi ina iwiri kapena itatu njoka yakula, yayamba kutaya mfundo zake. Apa ulendo wayambiranso. Onani bwino kuti masese a nkhumba imodzi sadumphira pa nkhumba inzake. Dzira lililonse limene nkhumba yameza linacokera mwa munthu.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Anthu akale a ku Greece ankawadziwa masese, ndipo Aristotle anawafanizira ndi matalala, koma panalibe wodziwa kumene acokera. M'zaka za m'ma 1850 katswiri wa ku Belgium, Pierre-Joseph van Beneden, anadyetsa nkhumba mazira a njoka yocokera mwa munthu, ndipo ataipha anapeza masese m'nyama yake. Mu 1855 dokotala wa ku Germany, Friedrich Küchenmeister, anadyetsa masese mkaidi amene anali ataweruzidwa kuti aphedwe, ndipo mkaidiyo atafa anampeza ndi tinjoka m'matumbo. Kuyesa kotere pa munthu lero sikungaloledwe konse, koma kucokera nthawi imeneyo dziko linadziwa kuti masese ndi njoka ya m'mimba ndi cinthu cimodzi. Maiko ambiri a ku Ulaya anaigonjetsa njokayi mankhwala amakono asanabwere, pomanga zimbudzi, kutsekera nkhumba m'makola ndi kupima nyama isanagulitsidwe.

Pamene munthu alowa m'malo mwa nkhumba

Kukhala ndi njoka m'matumbo ndi bvuto laling'ono tikaliyerekeza ndi lina ili. Mazira aja sasankha pakamwa. Munthu akawameza, thupi lake limawalandira monga momwe thupi la nkhumba licitira, ndipo masese amamera mwa iye. Njira zake ndi zodziwika: manja osasamba a munthu wosunga njoka amene agwira cakudya, madzi a pacitsime cosachinjirizidwa m'mene mvula yakokolera zonyansa, ndiwo zamasamba kapena mango otola pansi odyedwa osatsuka. Wosunga njokayo akhoza kudzipatsira yekha ndi manja ake omwe, ndipo amene ali pangozi yaikulu koposa ndi a m'nyumba mwake. Mwa munthu masese amakhazikika pansi pa khungu, m'minofu, m'diso, ndipo coopsa koposa, mu ubongo.

Mu ubongo akhoza kukhala cete zaka zingapo. Akayamba kufa, ubongo umatupa powazungulira, ndipo munthu amayamba kumva mutu wosapola kapena kugwa khunyu, mwina ali wamkulu kale, wosagwapo ciyambire ubwana wake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti m'madera m'mene njokayi ili yofala, pafupifupi anthu 30 pa 100 alionse odwala khunyu amadwala kamba ka masese a mu ubongo. M'madera ena ciwerengero cimakwera kuposa apo. Ofufuza otsogozedwa ndi Dr Kabemba Mwape anatenga odwala khunyu pafupifupi 50 a m'boma la Katete nawajambula m'mutu ndi makina a CT, ndipo zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2015, zinaonetsa kuti oposa theka anali ndi zizindikiro za masese mu ubongo. Gululo linali laling'ono, komabe uthenga wake ndi womveka.

Wina anganene kuti, "Ine sindidya nkhumba, zimenezi sizindikhudza." Wotere amve zimene zinacitika kutali, mu mzinda wa New York ku America, mu 1990 ndi 1991. Anthu anai a m'mabanja anai a Ciyuda, osunga mwambo wao mosamala kotero kuti nyama ya nkhumba sinkalowa m'nyumba zao, anapezeka ndi masese mu ubongo. Madokotala atafufuza anaona kuti mazira ayenera kuti anafika kudzera mwa anchito a m'nyumba ocokera ku maiko kumene njokayi ili yofala, amene anali nayo osadziwa. Kudya nyama ya masese kumapatsa munthu njoka ya m'matumbo; kumeza mazira ndiko kumapatsa masese a mu ubongo. Wosadya nkhumba wapewa coyambaco, koma caciwirico cikhoza kumpeza.

Pano tiyenera kunenapo mau awiri za odwala khunyu, pakuti ambiri a iwo amasalidwa popanda cifukwa. Matenda a khunyu ali ndi magwero ambiri: malungo a mu ubongo, kubvulala m'mutu, mabvuto a pobadwa, ndi masese amene tikukambawa. Sacokera kwa mfiti, ndipo sapatsirana pogwira wodwala kapena pokhudza thobvu la m'kamwa mwake. Masese a mu ubongo alibe njira yotulukira kupita kwa wina. Mazira amamwazidwa ndi wosunga njoka m'matumbo, amene kawirikawiri amaoneka wathanzi. Munthu akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni cofewa kumutu, mgonekeni cam'mbali kunjenjemera kukaleka, ndipo musamuike supuni kapena cala m'kamwa. Pambuyo pake mperekezeni kucipatala, kumene kuli mankhwala oletsa kugwa amene athandiza ambiri kubwerera kusukulu ndi kumunda.

Zimene ofufuza anapeza kwathu

Kodi bvutoli ndi lalikulu motani m'dziko lathu? Mu 2002 Profesa Isaac Phiri ndi anzake a ku sukulu ya madokotala a ziweto pa Yunivesite ya Zambia anafalitsa zimene anapeza pa malo ophera nkhumba a ku Chibolya mu Lusaka. Pa nkhumba 1,316 zimene anapima, pafupifupi 11 pa 100 zilizonse zinaoneka ndi masese pa lilime, koma zitaphedwa ndi kupimidwa nyama, ciwerengero cinafika pafupifupi 21 pa 100. Zimenezo zinali nkhumba zobwera kudzagulitsidwa kwa anthu a mu mzinda, motero okhala m'tauni asayese kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Mu 2008 Dr Chummy Sikasunge ndi anzake, atapima magazi a nkhumba za m'midzi ya zigawo za Kum'mawa, Kumwera ndi Kumadzulo, ananena kuti nkhumba 23 pa 100 zilizonse zinali ndi cizindikiro ca masese.

Onani kusiyana kwa ziwerengero za lilime ndi za nyama, pakuti apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Pofuna kudziwa coona ceniceni, ofufuza anatenga nkhumba 68 zofika pa msinkhu wophedwa m'midzi ya cigawo ca Kum'mawa, nazipha, naceka nyama m'tizidutswa topyapyala, kuwerenga kathuza kalikonse. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Nkhumba 38, ndiko kuti zoposa theka, zinali ndi masese, koma kupima lilime kunagwira nkhumba imodzi cabe pa 10 zilizonse zodwala. Lilime limaulula nkhumba yodzala ndi masese. Yokhala ndi ocepa imadutsa ngati yabwino, ngakhale kuti kathuza kamodzi kamoyo ndi kokwanira kupatsa munthu njoka. Motero lilime lopanda matuza lisatipusitse kuti nyamayo ikhoza kudyedwa yosapsa.

Anthu nao anapimidwa. M'dera lina la m'boma la Petauke, pa anthu oposa 700 amene anabvomera kupimidwa, pafupifupi 6 pa 100 alionse anapezeka ndi njoka m'matumbo, ndipo enanso oculuka cimodzimodzi anali ndi cizindikiro ca masese amoyo m'thupi. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2012. Anthu 6 pa 100 angaoneke ocepa, koma kumbukirani mazira 50,000 a mfundo imodzi. Munthu mmodzi yekha wosunga njoka, ngati salowa m'cimbudzi, akwanira kudwalitsa nkhumba zambiri za pamudzi.

Mankhwala ndi katemera

Nkhani yabwino ndi yakuti zida zomenyera nkhondoyi zilipo tsopano. Coyamba ndi mankhwala ochedwa oxfendazole. Ofufuza a ku Peru, dziko la ku South America kumene bvutoli lilinso lalikulu, anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti kumwetsa nkhumba mankhwalawa kamodzi kokha, pa mlingo wa mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kumapha masese a m'minofu. Mankhwala omwewa amaphanso nyongolotsi zina za m'matumbo zimene zimalanda nkhumba cakudya ndi kuicedwetsa kukula. Pali zofunika kukumbukira ziwiri. Nkhumba yomwetsedwa siyenera kuphedwa kuti idyedwe pasanathe masiku 21, ndipo masese akufawo amatenga masabata ambiri, mwina miyezi, kuti afafanizike m'nyama. Mlingo wake apime ndi mlangizi wa ziweto, cifukwa wongoyerekeza ndi maso ukhoza kucepa, masese nakhalabe ndi moyo.

Caciwiri ndi katemera wa nkhumba wochedwa TSOL18, amene anakonzedwa ndi Profesa Marshall Lightowlers ndi anzake pa Yunivesite ya Melbourne ku Australia. Katemerayu amaperekedwa kawiri, ndipo amachinjiriza nkhumba kuti mazira amene idzameza asamere. Sapha masese amene alimo kale, n'cifukwa cake amayendera limodzi ndi oxfendazole: mankhwala amasesa zakale, katemera natseka khomo. Atayesedwa m'midzi ya kumpoto kwa Cameroon, zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti pa nkhumba zolandira zonse ziwiri panalibe ngakhale imodzi yopezeka ndi masese, pamene pafupifupi 20 pa 100 mwa zinzake zosalandira katemera zinali nao. Mu 2016 kampani ya Indian Immunologicals ya ku India inaloledwa kupanga katemerayu kuti azigulitsidwa, pa dzina lakuti Cysvax.

Funso lotsala linali lakuti, kodi mudzi wathunthu ungamasuke? Ku Tumbes, kumpoto kwa Peru, anayesa m'midzi 107 ya anthu oposa 80,000 ndi nkhumba zoposa 55,000. Anthu anamwa mankhwala opha njoka, nkhumba zinalandira mankhwala ndi katemera. Pomaliza, monga zinafalitsidwa mu 2016, pa nkhumba 342 zimene anaceka, 3 zokha ndizo zinali ndi masese amoyo. Kwathu kuno nchito yofanana nayo, yochedwa CYSTISTOP, inacitika m'midzi ya m'boma la Katete mu 2016 ndi 2017, motsogozedwa ndi Profesa Sarah Gabriël wa ku Belgium ndi Dr Mwape. Miyezi inai iliyonse gulu linkabwera kudzapatsa anthu mankhwala, kumwetsa nkhumba ndi kuzibaya katemera, ndi kuphunzitsa anthu za ulendo wa njokayi. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Osunga njoka m'matumbo anatsika kucoka pa 16 kufika pa 2 pa anthu 100 alionse, ndipo m'nkhumba zimene anaceka pomaliza sanapezemo kathuza kamoyo ngakhale kamodzi. Zinatheka ndithu, m'midzi yonga yathu, pa nkhumba zonga zathu.

Cifukwa cake mankhwala okha sakwanira

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Nchito zotere zimakhala ndi ndalama za ofufuza, magalimoto ndi anchito olipidwa. Zikatha, mudzi umatsala wokha. Nkhumba zimaswa kawirikawiri, ndipo ana obadwa pambuyo pa katemera amafunanso katemera wao. Ena amagula nkhumba kumidzi ina, alendo amabwera, ndipo mmodzi wa iwo akhoza kufika ndi njoka. Palinso bvuto la mtengo. Nkhumba ya masese kawirikawiri imadya ndi kuyenda ngati yabwino, motero mlimi saona cifukwa cotayira ndalama pa ciweto cosaoneka kudwala. Ngati zonyansa za munthu zikali kufika pakamwa pa nkhumba, zimene mankhwala anasesa zidzabwerera pang'onopang'ono.

Nanga n'cifukwa ciani anthu ena salowa m'cimbudzi, pamene aliyense adziwa ubwino wake? Ofufuza ena, otsogozedwa ndi Séverine Thys, anakhala pansi ndi magulu a abambo, amai ndi ana m'midzi ya ku Petauke, gulu lililonse palokha, ndipo zimene anamva zinafalitsidwa mu 2015. Anthuwo sanali mbuli ai. Ubwino wa cimbudzi anaudziwa. Copinga cacikulu cinali manyazi ndi mwambo. Abambo ambiri anati sangalowe cimbudzi cimodzi ndi apongozi ao kapena ndi ana ao aakazi otha msinkhu, ndiponso kuti n'camanyazi kuonedwa akulowamo, motero kuthengo kunali kwabwino kwa iwo. Tsono popeza kukumba ndi kumanga cimbudzi ndi nchito ya abambo, amene sacifuna kwenikweni ndi omwewo oyenera kucimanga. Ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi ndi cinthu cabwino cosafunika kucitaya. Cofunika ndi kuupezera malo: zimbudzi ziwiri pakhomo, kapena cimodzi ca zipinda ziwiri zopenya kosiyana, cokhala ndi mpanda wobisa khomo lake.

Ndipo cimbudzi cithandiza pokhapokha onse acigwiritsa nchito. Ku Katete, pamene midzi inalimbikitsidwa kudzimangira zimbudzi, ofufuza anabwerera patapita miyezi 8 napeza kuti zimbudzi zaculukadi, koma masese m'nkhumba sanatsike. Si mabanja onse amene anamanga, ndipo si onse amene analeka kupita kuthengo. Pa nkhani iyi mudzi uli ngati denga la udzu: pakatsala kabowo kamodzi, mvula imalowera pomwepo. Zonyansa za ana aang'ono nazo zikatayidwe m'cimbudzi, osati kudzala kumene nkhumba zimafukula.

Za khola nazonso zili ndi mbali yake yobvuta. Ku Petauke komweko alimi anafotokoza cifukwa cake amalekerera nkhumba, ndipo cacikulu cinali cakudya. Nkhumba yotsekeredwa imafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku, pamene gaga amasowa, makamaka m'miyezi ya njala. Ambiri amazitsekera m'dzinja poopa milandu ya m'minda, nazimasula akakolola. Ena anafika ponena kuti nkhumba zimathandiza kusesa mudzi. Dandaulo la cakudya ndi loona, ndipo yankho lake ndi kuweta nkhumba zocepa zimene banja lingathe kudyetsa, kusunga gaga wouma pa nthawi yokolola, ndi kuonjezera kholowa, maungu, soya wokazinga kapena zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa. Nkhumba ziwiri zonenepa za m'khola zipindulitsa kuposa zisanu zoonda zimene ogula adzakana. Khola limathandizanso kupewa cigodola, matenda aja amene amasesa nkhumba za mudzi wonse m'masabata ocepa.

Zoyenera kucita pabanja

Nyama ya nkhumba idulidwe m'tizidutswa tating'ono ndi kuwiritsidwa mpaka ipse kufikira m'kati, osatsala pofiira kapena potuluka madzi a magazi. Ngozi yaikulu ili pa nyama yoocha mofulumira, monga micopo ya pamsika ndi ya pamalo omwera mowa, imene imapserera kunja m'kati mukali mwawisi. Kulawa nyama ikali pamoto, ndi kugawira ana tizidutswa toocha pa tsiku lopha nkhumba, ndi njira zina zimene njoka imalowera m'banja. Mcere wowaza pamwamba ndi kuyanika pang'ono padzuwa si zodalirika. Nyama yooneka ndi masese isadyedwe konse, ngakhale wina atakolokosola matuzawo ndi mpeni. Iochedwe pamoto mpaka kutha, kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Manja asambidwe ndi sopo, kapena phulusa sopo akasowa, pocoka kucimbudzi, pomaliza kusamalira mwana, ndiponso musanagwire cakudya. Posamba pa nthawi ya nsima madzi athiridwe pamanja, osasambira m'beseni limodzi nonse. Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini. Amene waona tizidutswa toyera taphanthiphanthi m'zonyansa zake apite kukiliniki msanga, osacita manyazi, pakuti njokayi imafa ndi mankhwala akumwa kamodzi, niclosamide kapena praziquantel. Koma musagule nokha pamsika. Praziquantel amafikanso ku ubongo, ndipo kwa munthu amene ali ndi masese kumeneko osadziwa akhoza kuutsa mutu woopsa kapena khunyu. Muuzeni dokotala ngati munagwapo kapena mumamva mutu kawirikawiri, kuti asankhe mankhwala oyenera. Nkhumba za pakhomo zikapezeka ndi masese oculuka, banja lonse ndi anansi akaonane ndi a zaumoyo, cifukwa kawirikawiri wosunga njoka amakhala pafupi pomwepo.

Patsala nkhani yolemera, ya cikumbumtima. Nkhumba ikakanidwa ndi ogula kamba ka masese, ndalama za sukulu zimakhala zikufunikabe, ndipo ciyeso cimabwera cakuti iphedwe mwakacetecete ndi kugulitsidwa mochipa pamudzi, kapena itumizidwe kutauni kumene kulibe akuidziwa. Tisaweruze msanga munthu amene umphawi wampanikiza. Komabe coona cinenedwe. Wogula nyama yochipayo ndi mmphawi mnzathu, ndipo njoka imene adzatenga idzamwaza mazira pamudzi pomwepo, mpaka pa citsime cimene ana a wogulitsa amamwapo. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Masiku ano pali njira ina: funsani kwa alangizi a ziweto za oxfendazole, kuti nkhumbayo imwetsedwe, isungidwe m'khola miyezi ingapo mpaka masese atafafanizika, ndipo igulitsidwe popanda cobisa. Kudikirako n'kowawa, koma sikufanana ndi kulera mwana wogwa khunyu zaka ndi zaka.

Abale, ofufuza acita mbali yao. Atisonyeza kumene masese acokera, atipatsa ziwerengero za m'midzi yathu yomwe, ndipo atsimikiza ku Katete kuti ulendo wa njokayi ukhoza kudulidwa. Zotsalazo sizifuna makina a ku yunivesite. Abambo akumbe zimbudzi, ndipo ayambe ndi iwo kuzilowa. Amai, amene kawirikawiri ndiwo amadyetsa nkhumba ndi kuphika nyama, ayang'anire mphika ndi manja a ana. Aphunzitsi afotokozere ana asukulu ulendo umenewu, pakuti mwana akamva amakanena kwao. Mafumu ndi nduna zao, amene amatha kulamula kuti nkhumba zitsekeredwe pochinjiriza cimanga, akhozanso kulamula comweco pochinjiriza anthu, ndi kuitana alangizi a ziweto ndi a zaumoyo kuti abwere pa tsiku limodzi, popeza matendawa ali ndi mwendo umodzi m'khola, wina m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga.

Mwezi wamawa tidzakamba za nyongolotsi za m'ciwindi zimene ng'ombe zimatenga pa msipu wa m'madambo.